Ndale za eni, njala ya mlendo: zomwe mabanja athu adaona ku Durban mu Julaye 2021

Usiku wa pa 7 Julaye 2021, mtsogoleri wakale wa dziko la South Africa, a Jacob Zuma, adadzipereka m'manja mwa apolisi ndipo adakatsekeredwa kundende ya Estcourt m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Pa 29 Juni, bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo lidali litagamula kuti akakhale m'ndende miyezi 15 chifukwa chokana kukaonekera ku komiti ya Jaji Raymond Zondo, yomwe inkafufuza za katangale m'boma. Ambiri mwa ife kuno kunyanja tidaimva nkhaniyi pawailesi monga nkhani yakutali, ya eni dziko ndi ndale zawo. Koma sabata isanathe, idali itafika pamafuwa m'makomo ambiri a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota.

Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. M'maboma amenewa ndi midzi yochepa yomwe ilibe mwana ku Joni. Agogo athu adapitako pansi pa Wenela ndi Theba, ali okha, pamgwirizano wa miyezi yowerengeka, ndipo ankagona m'makomboni a migodi akazi ndi ana ali kumudzi. Ulendo wa mtundu umenewo udaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi ambiri ochokera kumigodi, udayambanso patapita zaka zochepa, kenaka udatheratu mu 1988. Ulendo wa masiku ano ndi wina. Mnyamata amapita yekha, amapeza ntchito ya utelala, yam'shopu, yam'dimba, yaulonda kapena yoitana kuswala pamzikiti, ndipo zikayamba kuyenda amaitanitsa mkazi wake. Ana amabadwira komweko. Tsono chipwirikiti chikabuka, chimapeza banja lathunthu, lokhala ndi khanda loyamwa ndi mwana wasukulu.

Sabata yomwe msewu wa N3 udatsekedwa

Zipolowe zidayamba pa 9 Julaye. Usiku wa tsikulo anthu adatentha mathiraki pa Mooi River, pamsewu wa N3 womwe umalumikiza doko la Durban ndi mzinda wa Johannesburg. Pamsewu umenewu ndi pomwe pamadutsa ufa, mkaka, mankhwala ndi mafuta a galimoto, komanso katundu wambiri wobwera kuno kwathu kuchokera kudoko. Utatsekedwa, mzinda wa Durban udatsala paokha.

Pofika pa 11 Julaye, kuthyola masitolo kudali kutafalikira m'chigawo cha Gauteng. Tsiku lotsatira, Pulezidenti Cyril Ramaphosa adalamula asilikali kuti akathandize apolisi, ndipo chiwerengero chawo chidakwezedwa mpaka 25,000. Ku Pietermaritzburg malo ogulitsira a Brookside adapsa. Ku Durban nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu zidathyoledwa, ndipo fakitale yoyenga mafuta ya Sapref idaimitsa ntchito. Pa 16 Julaye a Ramaphosa adauza mtundu wawo kuti malo akuluakulu ogulitsira okwana 161 adaonongedwa. Makina otulutsira ndalama a ATM oposa 1,000 adaphwanyidwa.

Komiti ya akatswiri yomwe idatsogoleredwa ndi Pulofesa Sandy Africa idatulutsa lipoti lake mu Febuluwale 2022. Idapeza kuti anthu oposa 350 adataya miyoyo ndipo chuma cha pafupifupi R50 biliyoni chidaonongeka. Idaloza chala kukangana kwa m'chipani cholamula cha ANC, umphawi, kusowa kwa ntchito ndi kulephera kwa apolisi ndi akazitape a boma. Mmalawi wosoka zovala ku Overport kapena wosesa pabwalo ku Isipingo adalibe gawo pa chilichonse mwa zifukwa zimenezi. Sadavote, sadali m'chipani. Paja akuluakulu adati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Moyo wa m'chipinda chimodzi

Kuti timvetse zomwe mabanja adakumana nazo, tiyambe taona momwe ambiri amakhalira kunja kuli bata. Banja limabwereka chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni, kapena chisakasa cha malata m'madera omwe anthu adangomangamo. Malipiro ndi a patsiku kapena a pasabata. Lendi ikaperekedwa ndi ndalama zina zikatumizidwa kumudzi, zotsala zimangokwana kugula chakudya cha masiku awiri kapena atatu. Kumudzi kuli nkhokwe, kuli chinangwa m'munda, kuli usipa pathandala. M'tauni ya eni nkhokwe ya munthu ndi shopu ya pangodya, ndipo shopuyo ikapsa kapena ikatsekedwa, nkhokwe yapsa.

Ndi zomwe zidachitika. Masitolo omwe adapulumuka adatseka zitseko, ndipo atayamba kutsegula anthu ankaima pamizere maola ambiri kuti agule buledi ndi mkaka, mwinanso mochita kuwawerengera. Minibasi ndi mabasi zidaleka kuyenda m'madera ambiri. Wogwira ntchito yapakhomo sadathe kufika kwa abwana ake, ndipo tsiku losagwira ntchito ndi tsiku lopanda malipiro. Mayi wa khanda lomwa mkaka wam'chitini adasowa kogula. Odwala shuga, kuthamanga kwa magazi ndi omwe amamwa ma ARV adapeza masitolo a mankhwala atathyoledwa ndi zipatala zina zing'onozing'ono zitatsekedwa. Ngakhale yemwe adali ndi kangachepe kubanki sadathe kukatapa.

Zonsezi zidadza pamwamba pa mliri wa Covid-19. Kuyambira pa 28 Juni dzikolo lidali pansi pa malamulo okhwima: kuyenda usiku kudaletsedwa kuyambira 9 koloko, sukulu zidatsekedwa msanga, ndipo misonkhano yonse, kuphatikizapo mapemphero a gulu, idaletsedwa. Kwa Msilamu wachilendo ichi chidali chopweteka pawiri. Mzikiti ndi pomwe mlendo amamva za ntchito, amapeza mnzake wa kumudzi kwawo, amabwereka ndalama ya basi, ndiponso amathawirako zinthu zikavuta. Pa sabata yomwe anthu adaufuna kwambiri, Jumu'ah ya pamodzi idali yosaloledwa. Ana adali pakhomo tsiku lonse, m'chipinda chimodzi, akumva kulira kwa mfuti ndi kuona utsi, makolo akusowa chowayankha.

Pakati pa mipanda iwiri

Chipwirikiti cha 2021 chidasiyana ndi zomwe tidaona mu Meyi 2008, pomwe anthu 62 adaphedwa pa ziwawa zothamangitsa obwera zomwe zidayambira ku Alexandra, kapena mu Epulo 2015, pomwe abale athu adagona m'misasa ku Isipingo, Chatsworth ndi Phoenix mpaka boma la Malawi lidatumiza mabasi okawatenga. Ulendo uno mkwiyo sudalunjike kwa obwera. Komabe mlendo adapezeka pamalo ovuta mwanjira ina.

Apolisi atachepa mphamvu, anthu m'madera ambiri adatseka misewu yolowera kwawo ndi kuyamba kudzilondera okha, ena ali ndi mfuti. Pena ulondawu udateteza miyoyo ndi katundu. Pena udasanduka nkhanza. Ku Phoenix, kumpoto kwa Durban, nduna yoona za apolisi a Bheki Cele idati anthu 36 adaphedwa, ndipo ambiri mwa iwo adali anthu akuda. Bungwe loona za ufulu wa anthu m'dzikolo lidachititsa kafukufuku wake pa nkhaniyi kumapeto kwa chaka chomwecho.

Tiganizire tsono za Mmalawi yemwe amagona m'dera losauka koma amagwira ntchito m'dera la anthu opeza bwino. Pampanda wa olondera, nkhope yake siidziwika, chilankhulo chake ndi chachilendo, ndipo akafunsidwa chiphaso mwina alibe choonetsa. Akabwerera komwe amagona, ena amamuona ngati munthu wa mwini shopu. Kumbali zonse ziwiri ndi wokayikiridwa. Ndipo zipolowe zitatha, apolisi ndi asilikali adayamba kulowa m'nyumba za m'madera osauka kufunafuna katundu wobedwa, kufunsa malisiti a firiji ndi wailesi yakanema. Kwa munthu wopanda zikalata, kugogoda kwa wapolisi pakhomo kumatanthauza zambiri kuposa lisiti: kumakumbutsa za Lindela, malo aku Krugersdorp osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo.

Chithandizo chidabwera, koma chidafunsa chiphaso

Apa ndi pomwe nkhani ya zikalata imaonekera kukula kwake. Pasipoti ya Malawi imalola munthu kulowa m'dziko la South Africa popanda viza ndi kukhalamo masiku 30 monga mlendo wodzacheza. Simupatsa ufulu wogwira ntchito. Chiyambire 2014, wopyola masiku ake akamatuluka amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. Nzika za Zimbabwe, Lesotho ndi Angola zidapatsidwako ziphaso zapadera zokhalira ndi kugwirira ntchito. Amalawi alibe dongosolo lotere. Motero ambiri amakhala mobisala, ndipo kunja kuli bata amatha zaka popanda chovuta chachikulu.

Pa 25 Julaye a Ramaphosa adalengeza kuti boma libwezeretsa thandizo la R350 pamwezi kwa osowa ntchito. Oyenera kulandira adali nzika, okhazikika mwalamulo, othawa nkhondo, opempha chitetezo ndi okhala ndi ziphaso zapadera zija. Thumba la UIF lidakonza malipiro a ogwira ntchito omwe malo awo antchito adaonongeka, koma lidafuna kuti munthu akhale wolembetsedwa ndi abwana ake. Eni masitolo omwe adali ndi inshuwalansi adalandira chipukutamisozi kuchokera ku Sasria. Telala yemwe makina ake adapsera m'shopu ya munthu wina, wosalembetsedwa paliponse, adalibe khomo logogoda.

Chomwe chidagwira mabanja otere ndi dzanja la anthu. Bungwe la Gift of the Givers, lomwe lidakhazikitsidwa ndi Dr Imtiaz Sooliman mu 1992 ndipo limagwiranso ntchito kuno kwathu, lidatumiza chakudya kuzipatala ndi kumabanja. Mabungwe ena a Chisilamu ndi amalonda a ku Durban adaitanitsa buledi ndi mkaka ndi kugawa ulere kwa aliyense, osafunsa mtundu kapena chipembedzo. Mipingo ndi akachisi a zipembedzo zina adachitanso chimodzimodzi. Koma buledi wa tsiku limodzi salipira lendi, ndipo mwezi udatha ngati miyezi ina yonse, eni nyumba akudikira zawo.

Nanga kubwerera kumudzi? Ulendo wochoka ku Durban umadzera ku Johannesburg, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza. Gawo loyamba la ulendowu ndi msewu womwewo wa N3. Ofesi ya kazembe wa Malawi ili ku Pretoria ndipo ina ili ku Johannesburg, zonse kuseri kwa msewu wotsekedwawo, choncho wotaya pasipoti sakadatha kukatenga chikalata choyendera mwadzidzidzi. Pachipata pankafunikanso chikalata chosonyeza kuti munthu wayezedwa Covid-19, chomwe chinkalipiridwa. Kwa banja la anthu anayi kapena asanu, kuthawa kudali kodula kuposa kukhala.

Utsi udafika kunyanja

Banja la ku Joni lili ndi makomo awiri. Ndalama zomwe zimalipira fizi ku Namwera, kugula feteleza ku Ntaja kapena kukonza ukonde ku Makanjira kawirikawiri zimachokera m'thumba lomwelo lolipira lendi ku Durban. Zimatumizidwa kudzera m'makampani monga Mukuru, ndipo wotumiza nthawi zambiri amakalipira pa kauntala ya sitolo. Masitolo atatsekedwa ndi ntchito zitaima, njira imeneyi idauma kwa masiku angapo, ndipo kwa ena idauma miyezi.

Nthawi yake idalinso yovuta. Eid ul-Adha idafika pa 21 Julaye, patangopita masiku ochepa moto utazima. Ndi nyengo yomwe kumudzi timayembekezera ya mbuzi ya Qurbani, ya mpunga ndi ya zovala za ana. Kumeneko, Eid idapeza misonkhano ikadali yoletsedwa, mabanja akuswali m'nyumba, ena asakudziwa ngati ntchito yawo ikadalipo. Mwana wa kunja amachita manyazi kunena kuti zavuta, chifukwa kwathu wobwerako chimanjamanja amasekedwa. Ndiye amabisa, amakongola kwa katapila, natumiza. Apa pali phunziro kwa ife otsala: foni yoyamba pa nthawi ya chipwirikiti ikhale yofunsa ngati adya ndiponso ngati ana ali bwino. Ya mbuzi ikhoza kudikira, pakuti Qurbani ili pa yemwe ali ndi kuthekera.

Chinanso chomwe chidafika kunyanja mwachangu kuposa ndalama ndi mphekesera. Pa WhatsApp padayenda zithunzi ndi mavidiyo, zina zoona, zina zakale, zina za kumaiko ena. Nakubala woona moto pafoni, mwana wake osayankha chifukwa foni yatha moto kapena mayunitsi, amagona tulo ta maliro. Kufalitsa chithunzi chomwe sitikudziwa komwe chachokera ndi kuwonjezera katundu pamutu wa mayi wotere.

Nkhaniyi si yachilendo m'mbiri yathu

Asilamu oyamba adadziwa moyo wa banja m'dziko la eni. Cha m'ma 615, ozunzidwa ku Makkah adasamukira ku Habasha, pansi pa chitetezo cha mfumu Najashi, yemwe panthawiyo adali Mkhristu. Adapita ndi akazi awo: Uthman ibn Affan adapita ndi Ruqayyah, mwana wa Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso zikhale pa iye), ndipo Ja'far ibn Abi Talib ndi mkazi wake Asma bint Umays adaberekera ana komweko. Ja'far adabwerera mu 628, patadutsa zaka zoposa khumi.

M'buku la mbiri ya Mtumiki la Ibn Ishaq muli nkhani yosimbidwa ndi Umm Salamah, yakuti ali komweko munthu wina adaukira Najashi kufuna kulanda ufumu. Alendowo adagwidwa ndi mantha aakulu, poopa kuti wolowa ufumu mwina sadzalemekeza chitetezo chawo. Adasonkhana, adapemphera, ndipo adatuma mmodzi mwa achinyamata awo, Zubayr ibn al-Awwam, yemwe adawoloka mtsinje wa Nile atadzimangirira thumba lachikopa louzira mpweya, kuti akaone ndi maso ake momwe nkhondo ikuyendera. Adabwerako ndi uthenga woti Najashi wapambana. Tikuona apa anthu odziwana, okhala ndi pokumanira, omwe adafuna nkhani yoona asanachite kanthu.

Zokonza kunja kukadali bata

Zomwe zidachitika mu 2021 zikutisonyeza kuti chomwe chimasunga banja pa chipwirikiti chimakonzedwa chipwirikiticho chisanabwere. Choyamba ndi zikalata. Pasipoti yosatha ntchito isungidwe pamalo oti munthu akhoza kuitola mumdima, ndipo chithunzi chake chitumizidwe kwa m'bale wodalirika kumudzi. Yemwe ali ndi njira yopezera chilolezo chovomerezeka aitsate ngakhale ikhale yotopetsa, ndipo apewe ogulitsa zidindo zachinyengo, chifukwa chidindo chabodza ndi mlandu woposa kupyola masiku.

Ana afuna chidwi chapadera. Kubadwira ku South Africa sikupatsa mwana wa obwera unzika wa dzikolo, ndipo lamulo limafuna kuti kubadwa kulembetsedwe pasanathe masiku 30. Mwana wosalembetsedwa uko, wosadziwikanso kuno ku National Registration Bureau, ndi wovuta kumudutsitsa pachipata tsiku lothawa. Khadi la kusikelo, kalata ya kuchipatala komwe adabadwira ndi malipoti a kusukulu ndi chuma cha mwanayo. Makolo adziwenso kuti mu Disembala 2019 bwalo lalikulu la ku Makhanda lidagamula kuti mwana asachotsedwe sukulu chifukwa chosowa zikalata. Ndi bwinonso kuti ana amve Chiyao kapena Chichewa pakhomo ndi kudziwa maina a mudzi, mfumu ndi amalume awo, kuti tsiku lobwerera asadzakhale alendo kachiwiri.

Chachiwiri ndi nkhokwe. Thumba la ufa, nyemba, mafuta ophikira, mchere, makandulo ndi mankhwala a mwezi wathunthu kwa odwala matenda a mgonagona sizifuna chuma chambiri ngati zigulidwa pang'onopang'ono. Ndalama ya basi ya banja lonse isungidwe payokha, isakhudzidwe ngakhale kumudzi kutabwera pempho. Ife a kuno tivomereze kuti ndalama imeneyo si yathu. Ndipo zomwe zimatumizidwa zisathere m'mphika mokha: mbuzi, munda, bwato kapena kagolosale ndizo zidzalandire banjalo likadzabwera mwadzidzidzi. Mayi wa pabanjapo adziwe komwe kuli ndalama ndi zikalata, pakuti chipwirikiti chimatha kupeza bambo ali kutsidya kwa mpanda.

Chachitatu ndi anthu. Abale athu kumeneko ali kale ndi magulu osonkherana pa maliro, ndipo mtembo ukafuna kuikidwa kapena kutumizidwa amagwirana manja mwachangu. Dongosolo lomwelo likhoza kusunga amoyo: mndandanda wa mabanja ndi komwe amakhala, thumba la padzidzidzi, ndi munthu mmodzi wodalirika wolankhula ndi ofesi ya kazembe komanso akuluakulu a mzikiti. Mutu umodzi susenza denga. Ubale ndi eni dziko oyandikana nawo nawonso ndi chitetezo, chifukwa tsiku loipa amene amakubisa kapena kukuchitira umboni pampanda ndi yemwe mumapatsana moni ndi mchere. Ndipo katundu wothyoledwa m'sitolo, ngakhale atagulitsidwa motchipa chotani, asalowe m'nyumba; ndi haramu, ndiponso ndi msampha kwa mlendo.

Masheikh athu ndi makomiti a mizikiti kuno kunyanja ali ndi gawo lawo. Mnyamata akabwera kudzapempha dua ya ulendo, kapena banja likamakonza nikah ya mtsikana yemwe adzatsatire mwamuna wake ku Joni, ndi nthawi yabwino yofunsa mafunso omwe achibale amachita nawo manyazi. Akakafika adzakhala kuti, ndipo ndi yani? Pasipoti idzakhala m'manja mwa mwini wake? Zikadzavuta, ya ulendo wobwerera idzachokera kuti?

Mavuto omwe adabala zipolowe za 2021 sadathe, ndipo umphawi womwe umatulutsa ana athu m'midzi nawonso ukadalipo. Mabasi apitiriza kunyamuka. Tikadzalankhulanso ndi athu a ku Durban, Johannesburg kapena Cape Town sabata ino, tiwafunse ngati pasipoti ikadali ndi masiku, ngati mwana wobadwa chaka chatha adalembetsedwa, ndiponso ngati m'nyumba muli ufa wokwana sabata ziwiri. Tiwauzenso momveka kuti zikadzavuta abwere, ngakhale opanda chikwama, pakuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.